Za Hisope ndi Akhate

Ife a kuno ku Goliati, okhala pakati pa minda ya tiyi, dzina la hisope tilimva kawirikawiri m'nyumba ya Mulungu, koma chitsamba chake sichimera m'tchire mwathu. Chotero ena ayesa kuti ndiwo mankhwala a khate. Pa chaka chino cha chikondwerero tifuna kulongosola mbiri yake.

Hisope wa m'Malembo, monga aganiza ophunzira ambiri, ndiko kachitsamba konunkhira komera pamiyala ku Palestine ndi Syria. Pa Levitiko 14 tiwerenga kuti wansembe anatenga hisope pamodzi ndi mtengo wa mkungudza ndi ubweya wofiira, nawaza wakhate kasanu ndi kawiri. Koma tipenyetse: anawaza munthu amene nthenda yake idapola kale. Hisope sanachiritse ayi. Anali chizindikiro chakuti wopatulidwa uja abwerere kwa abale ake.

Alipo hisope wina wa ku Ulaya, mbale wake wa mpungabwi wathu uja tiingitsira udzudzu. Sing'anga wa Chigriki, Dioscorides, analemba zisanakwane zaka 100 chibadwire Ambuye, kuti amuphike ndi nkhuyu ndi uchi, amwe wodwala chifuwa. Ena akumwabe lero lino; koma mafuta ake okha ngoopsa, pakuti akhoza kugwetsa munthu ngati wakhunyu.

Nanga khate linagonja ndi chiyani? M'chaka cha 1873 dokotala Hansen wa ku Norway anapeza kachilombo kake. M'zaka za m'ma 1920 a mishoni ya Malamulo, m'boma lathu lomwe lino la Thyolo, anayamba kulandira akhate, nawabaya mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa chaulmoogra, opweteka ndi ochedwa kuthandiza. M'zaka za m'ma 1940 anafika mankhwala a dapsone; mu 1981 anayamba kuwaphatikiza ndi ena, ndipo pofika 1994 odwala anachepa ndithu m'Malawi, ngakhale nthendayi siinatheretu.

Chifukwa chake, abale, woona banga pakhungu losamva kukhudza asafune zitsamba, koma afulumire ku chipatala zala zisanapunduke. Kuchiritsa nkwa mankhwala; koma ntchito ija ya hisope yatsalira ife, ndiyo kulandira wochirayo, kudya naye m'mbale imodzi, ndi kukhala naye pa mpando umodzi m'tchalitchi.