Sukulu ya Madzulo Yopanda Fizi: Mbiri ya Valimba M'chigwa cha Shire

Anzathu amene tinaphunzira limodzi, ambiri a ife tikamakumbuka maphunziro timakumbuka choko, sileti ndi belu la m'mawa. Komatu m'chigwa chathu cha Shire munali sukulu ina imene inkayamba belu loweruka litalira kale, dzuwa litapendeka, mbuzi zitalowa m'khola. Sukulu imeneyi inalibe fizi, yunifomu ngakhale satifiketi. Kalasi yake inali bwalo la mudzi, ndipo aphunzitsi ake anali akatswiri oimba valimba, bangwe ndi ng'oma za likhuba.

Valimba, imene ena amati ulimba, ndi choimbira cha Asena ndi Amang'anja. Imapangidwa ndi timatabwa togona pamzere, kuyambira tating'ono mpaka tatikulu, ndipo pansi pake amamangirirapo zikho zokuza mawu. Chikho chilichonse amachiboola pambali ndi kumatapo kansalu kopyapyala ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Kawirikawiri anthu atatu amaimba valimba imodzi nthawi imodzi, aliyense ndi gawo lake, kwinaku wina akuomba kang'oma kotchedwa gaka, winanso akugwedeza nkhocho.

Tsono mwana ankaphunzira bwanji? Panalibe womuika pansi kuti amuuze malamulo. Ankayamba ndi kuonerera. Kenaka ankatumidwa kunyamula zikho kapena kutola timitengo toimbira. Akaoneka kuti ali ndi khutu, ankamupatsa nkhocho, ndipo ntchito yake inali imodzi yokha: asasokoneze kayendedwe ka nyimbo. Anyamata ena ankadzipangira valimba yawo poyala timatabwa pa mathunthu a nthochi, nayeserera zimene anamva usiku wapitawo. Patapita nthawi, mkulu wina akatopa pagule, ankamusunthira mwanayo malo kuti agwire gawo losavuta.

Apa ndi pamene panali phunziro lalikulu. Pa valimba, woimba aliyense amalowetsa mawu ake m'mipata imene mnzake wasiya. Wothamanga amaononga nyimbo, wochedwa amaononganso nyimbo, ndipo wofuna kumveka yekha amachotsedwa pampando. Choncho mwana ankaphunzira kumvetsera, kudikira nthawi yake, kulandira chidzudzulo pamaso pa anthu, ndiponso kuima pagulu popanda mantha. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo makhalidwe amenewa ankamera mwana asanadziwe n'komwe kuti akuphunzira.

Sukulu za mishoni zitafika m'chigwamu, monga ku Lulwe ndi ku Chididi, zinabweretsa nyimbo za m'buku ndi makwaya. Izi zinatipatsa luso latsopano, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma m'malo ambiri ng'oma ndi magule zinkaonedwa ngati zachikunja, kotero mwana wasukulu ankachita manyazi kupezeka pabwalo. Chodabwitsa n'chakuti alendo ochokera kutali ndi amene anaona mtengo wake wa zimene ife tinkazinyoza. M'chaka cha 1958, Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music ku South Africa mu 1954, anajambula nyimbo za m'boma la Port Herald, lomwe lero ndi Nsanje. Mu 1980, Wim van Zanten wa ku Holland anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti Asena amachuna zoimbira zawo pa mawu 7 otalikirana pafupifupi mofanana, mosiyana ndi do-re-mi amene tinaphunzira m'kalasi. Mu 1991, Andrew Tracey analemba za Kambazithe Makolekole ndi gulu lake la valimba, nafotokoza luso la kapangidwe ka choimbirachi. Kodi amisiri amenewa anapita ku koleji iti? Anaphunzira pabwalo pomwepo.

Maiko ena anatenga nzeru yonga yomweyi naiika m'dongosolo. Ku Venezuela, José Antonio Abreu anayamba mu 1975 ndi achinyamata 11 okha, ndipo ntchito yake, yotchedwa El Sistema, inakula mpaka kufikira ana miyandamiyanda, ambiri ochokera m'mabanja osauka, amene ankaphunzira zoimbaimba kwaulere akaweruka kusukulu. Cholinga chake chinali kuumba munthu wodziletsa ndi wodzidalira, monga momwe bwalo lathu linkachitira.

Nanga ife tili pati? Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana anadzaza makalasi, koma nthawi ya zoimbaimba inachepa chifukwa maso onse anali pamayeso. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019 ndi a Freddy mu 2023 anabalalitsa midzi yambiri m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Mudzi ukasamuka, bwalo limasamuka movutikira, ndipo mkulu wodziwa kuchuna valimba akamwalira asanaphunzitse mwana, palibe buku limene lingabweze luso lake.

Ife ophunzira akale sitingamange holo yaikulu, koma zochepa tingathe. Tingathe kugula valimba imodzi kwa mmisiri wa kwathu. Tingathe kupempha aphunzitsi aakulu kuti atipatse mthunzi wa mtengo masana awiri pa sabata. Tingathe kusonkha kangachepe koti mkulu wophunzitsayo agulire sopo, kuti mwana aliyense, mnyamata kapena mtsikana, aphunzire osalipira kanthu. Mutu umodzi susenza denga. Pamsonkhano wathu ukubwerawu, aliyense abwere ndi dzina la katswiri mmodzi wa m'mudzi mwawo amene akali moyo, kuti tiyambire pomwepo.