Za Mau a Cingerezi Onena Kugwetsa Munthu pa Kavalo

Pa cisumbu ca Likoma kavalo ndi nyama ya m'mabuku. Amishoni a U.M.C.A. atakhazikika kumeneko m'caka ca 1885, ankayenda pa nyanja ndi sitima ya Charles Janson, ndipo ku mtunda ankayenda pansi kapena pa macila, pakuti kashembe amapha akavalo. Ngakhale maina a nyamayi ngobwereka: "kavalo" linacokera kwa Apwitikizi, ndipo "hachi" ndilo "horse" la Angerezi, limene linadzera m'kamwa mwa Azulu.

Koma monga asodzi a pa Likoma asiyanitsa mwera, mpoto ndi vuma, momwemonso Angerezi asiyanitsa magwedwe a wokwera. Munthu akatsika mwa kufuna kwace, ati "dismount". Kavalo akamtaya yekha, ati "throw". Koma mdani akamgwetsa, ati "unhorse" kapena "unseat", ndiko kumcotsa pa kavalo kapena pa cokhalira cace.

Mau awiri otsirizawa anali a nkhondo ndi a masewera ochedwa "joust". Amuna awiri obvala malaya acitsulo ankathamangitsa akavalo moyang'anizana, yense ndi nthungo yaitali ya mtengo, kuti agwetse mnzace. Kunena zoona, masewerawa anali oopsa kopambana, pakuti wobvala zitsulo sagwa mopepuka.

Pa 24 Januwale 1536, ku Greenwich, Mfumu Henry VIII ya ku Mangalande inagwa pamodzi ndi kavalo wace pa masewera amenewa, nipweteka kwambiri, ndipo sinasewerenso konse. Patapita masiku owerengeka mkazi wace Anne Boleyn anapita padera, mwanayo ali wamwamuna, amene mfumuyo inamlakalaka. M'mwezi wa Meyi inamphetsa mkaziyo. Mfumu yomweyi ndiyo inalekanitsa Mpingo wa ku Mangalande ndi Papa m'caka ca 1534, ndipo ana a Mpingo umenewo ndiwo anaika mwala wa maziko a kacisi wamkuru wa Petro Woyera pa Likoma m'caka ca 1903.

Masewerawo anatha kalekale, ndipo "unhorse" latsala makamaka m'mabuku a mbiri. Koma "unseat" linasamukira ku zisankho, cifukwa phungu nayenso ali ndi mpando woti nkugwapo. Pamene Bakili Muluzi anapambana Dr. Kamuzu Banda m'caka ca 1994, olankhula Cingerezi anati wamcita "unseat", ngakhale panalibe kavalo kapena nthungo.