Khonde kapena boti lopulumukira: zomwe apaulendo akhala akupempha pa sitima zapamadzi

Makampani omwe ali ndi sitima zikuluzikulu zokasangalalira panyanja, zija Azungu amazitcha cruise ship, amakonda kufunsa makasitomala awo kuti akufuna sitima zam'tsogolo zidzakhale zotani. Mayankho ake savuta kulosera. Wina amafuna chipinda chachikulu chokhala ndi khonde, wina intaneti yosadukaduka pakati pa nyanja, wina malo odyera ambiri, wina poti ana azisewera iye akupumako. Zonsezi zilibe vuto. Koma ine monga wophunzira mbiri yakale, funsoli limandibweretsera funso lina: pa zaka zoposa 180 zomwe anthu akhala akuwoloka nyanja zamchere pa sitima za injini, ndi zofuna ziti zomwe zinkayankhidwa msanga, nanga ndi ziti zomwe zinkachedwa?

Yankho lomwe ndapeza ndi losasangalatsa. Chomwe wapaulendo angachione ndi maso n'kuchilipira chimabwera chokha, osachita kukakamiza. Chomwe chimateteza moyo wake, poti sichioneka pa chithunzi chotsatsira malonda, nthawi zambiri chakhala chikubwera maliro atachitika.

Tiyambire m'chaka cha 1840, pomwe kampani ya Cunard inayamba kuyendetsa sitima yotchedwa Britannia kuchoka ku Liverpool kupita ku Halifax ndi Boston. Inali yamatabwa, yoyenda ndi malasha, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kunyamula makalata. Anthu ankangokwera nawo. Mkaka unkachokera kwa ng'ombe yomwe inkasungidwa m'sitima momwemo. Mlembi wotchuka Charles Dickens anaikwera mu Januwale 1842, ndipo m'buku lake la American Notes anadandaula kuti kachipinda komwe anapatsidwa kanali kosiyana kutalitali ndi chithunzi chokongola chomwe anaona ku ofesi yogulitsira matikiti ku London. Dandaulo la wapaulendo kuti chomwe wapeza si chomwe anamulonjeza ndi lakale chonchi.

Madandaulo oterewa, poti ankachokera kwa anthu andalama, anamveka. Mu 1871 kampani ya White Star inatulutsa sitima ya Oceanic. Kale zipinda za olemera zinkakhala kumbuyo kwa sitima, mwambo wochokera ku nthawi ya zombo zoyenda ndi mphepo. Koma sitima ya injini kumbuyoko ndi komwe kumanjenjemera komanso kusokosera kwambiri. Omanga Oceanic anasamutsira zipinda za kalasi yoyamba pakati pa sitima, pomwe mafunde sagwedeza kwambiri ndipo mseru umachepa. Nanga kutsogolo ndi kumbuyo kunapita yani? Kunapita amphawi omwe ankasamukira ku America, amuna osakwatira kutsogolo, mabanja ndi akazi osakwatiwa kumbuyo. Apa mpomwe ndimaona kuti funso loti wapaulendo akufunanji silinakhalepo funso limodzi. Zimatengera kuti mwafunsa wapaulendo uti.

Ganizo lokwera sitima pongofuna kusangalala linakhwimira ku Germany. Albert Ballin, wa kampani ya HAPAG ku Hamburg, anaona kuti nyengo yozizira sitima zake zimayenda zopanda anthu chifukwa nyanja ya Atlantic imakhala yolusa. Mu Januwale 1891 anatumiza Augusta Victoria ku nyanja ya Mediterranean kukangozungulira madoko kwa miyezi pafupifupi iwiri, ndipo anthu anaukonda ulendowo. Mu 1900 kampaniyo inamanga Prinzessin Victoria Luise, sitima yoyamba kumangidwira maulendo okasangalala basi. Zipinda zake zonse zinali za kalasi yoyamba. Inali ndi laibulale, malo ochitira masewera olimbitsa thupi, ngakhalenso chipinda chamdima chotsukiramo zithunzi, poti olemera a nthawiyo anali atayamba kutengeka ndi makamera. Taonani changu chake: makamera angofala kumene, sitima yawapezera kale chipinda.

Tsopano tiyerekeze changu chimenechi ndi nkhani ya maboti opulumukira. Titanic, yomwe inamira mu Epulo 1912, inali ndi dziwe losambiramo, bafa ya nthunzi ndi bwalo la masewera. Inalinso ndi maboti 20 okwana anthu 1,178, pomwe m'sitimamo munali anthu pafupifupi 2,200. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti eni ake sanaphwanye lamulo. Malamulo a ku Britain a mu 1894 ankawerengera maboti potengera kukula kwa sitima osati kuchuluka kwa anthu, ndipo mlingo wake wapamwamba unali wa sitima zopitirira matani 10,000, zomwe zinkayenera kukhala ndi maboti 16. Titanic inali ya matani oposa 46,000. Sitima zinakula, lamulo linangokhala pomwepo kwa zaka 18. Anthu pafupifupi 1,500 anafa. Mwa a kalasi yoyamba anapulumuka pafupifupi atatu mwa asanu alionse. Mwa a kalasi yachitatu, mmodzi mwa anayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngoziyi itachitika mpomwe mayiko anakumana ku London n'kusainirana pangano la SOLAS mu 1914, lonena kuti aliyense wokwera sitima akhale ndi malo m'boti ndipo wailesi ya sitima izikhala ndi womvetsera usana ndi usiku. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse inasokoneza panganolo, moti linachita kulembedwanso mu 1929, kenako mu 1948, 1960 ndi 1974.

Moto nawonso unatsata njira yomweyo. Apaulendo ankakonda makoma amatabwa opakidwa polishi, makatani olemera ndi makapeti, poti zinkaoneka ngati hotela. Mu Seputembala 1934 sitima ya Morro Castle, ikuchokera ku Havana kupita ku New York, inapsa pafupi ndi gombe la New Jersey ndipo anthu oposa 130 anafa. Matabwa okongola aja ndiwo anathamangitsa motowo. Pambuyo pake dziko la America linakhwimitsa malamulo a zipangizo zomangira sitima, ndipo mmisiri William Francis Gibbs atamanga sitima ya United States, yomwe inayamba kuyenda mu 1952, anakaniratu matabwa m'zipinda za apaulendo.

Kunena chilungamo, si zonse zabwino zomwe zinadikira imfa. Zipsepse zachitsulo zomwe zimatuluka m'mbali mwa sitima pansi pa madzi kuti isamapendekeke uku ndi uku zinafala pa sitima zikuluzikulu kuyambira pa Chusan ya kampani ya P&O mu 1950, popanda ngozi yokakamiza. Koma chifukwa chake n'chomwe chija: mseru wapaulendo amaumva m'mimba mwake tsiku lomwelo, ndipo wosanza ulendo wonse sabweranso. Ngakhale kutha kwa makalasi kunabwera chifukwa cha msika. America itachepetsa olowa m'dziko lake ndi malamulo a 1921 ndi 1924, malo a amphawi aja anatsala opanda anthu, ndipo makampani anawakonza n'kuyamba kuwagulitsa kwa aphunzitsi ndi ophunzira a m'mayunivesite ofuna kukaona Ulaya pa mtengo wotsika. Kenako ndege za jeti zitayamba kuwoloka Atlantic mu 1958, ulendo wa masiku asanu unasanduka wa maola ochepa. Sitima inasiya kukhala njira yopitira kwinakwake. Kuti ipulumuke inayenera kusanduka komwe munthu akupitako.

Kuchokera pamenepo, mpikisano wakhala wa zooneka ndi maso. Maulendo ambiri anasamukira ku Miami, komwe Ted Arison anayambitsa kampani ya Carnival mu 1972. Royal Princess ya mu 1984 inabwera ndi zipinda zonse zoyang'ana kunyanja, zambiri zokhala ndi khonde lakelake, ndipo khondelo linakondedwa kwambiri moti sitima zamasiku ano zimaoneka ngati nyumba zosanjikizana zoyandama. Voyager of the Seas ya mu 1999 inabweretsa bwalo la madzi oundana lotsetserekapo ndi khoma lokwera ngati phiri. Oasis of the Seas ya mu 2009 inadzalamo mitengo ndi maluwa enieni. Icon of the Seas, yomangidwa ku Turku m'dziko la Finland n'kuyamba kuyenda mu 2024, ndi yotalika mamita pafupifupi 365, kukula kwake kuposa Titanic kasanu, ndipo ingathe kunyamula apaulendo 7,600 ndi antchito oposa 2,300. Umenewu ndi mudzi wathunthu, mwinanso tauni.

Kodi phunziro la 1912 linalowa? Mbali ina inde, poti kukwera sitima zimenezi lero n'kotetezeka kwambiri kuyerekeza ndi kale. Koma khalidwe lodikira tsoka silinathe. Pa 13 Januwale 2012, patangotsala miyezi itatu kuti zikwane zaka 100 chimirire Titanic, Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, ndipo anthu 32 anafa. Maboti analipo okwanira, koma sitima itapendekeka kwambiri ena analephera kutsitsidwa. Apaulendo mazana angapo omwe anakwerera ku Civitavecchia madzulo omwewo anali asanasonyezedwe kothawira, chifukwa lamulo linkalola kuti phunzirolo lichitike mkati mwa maola 24 chinyamukire. Lamulolo linasinthidwa ngoziyo itachitika: tsopano phunzirolo limachitika sitima isananyamuke kapena itangonyamuka. Mu Febuluwale 2020 Diamond Princess inatsekeredwa padoko la Yokohama ku Japan ndi anthu pafupifupi 3,700, ndipo oposa 700 anatenga Covid-19. Mpomwe anthu ambiri anayamba kufunsa kuti mpweya wa m'zipinda zopanda zenera umayenda bwanji, ndipo chipatala cha m'sitima chingalandire odwala angati.

Palinso anthu awiri omwe fomu ya mafunso siwapeza. Woyamba ndi wantchito: wophika, wochapa, woyala mabedi, ambiri ochokera ku Philippines, Indonesia ndi India, omwe amatha miyezi yambiri osaona kwawo ndipo amagona m'tizipinda ta pansi, komwe kale kunkagona amphawi. Pa Titanic antchito pafupifupi atatu mwa anayi alionse anafa. Pangano la mayiko loteteza ufulu wa ogwira ntchito panyanja linagwirizanidwa mu 2006 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2013. Wachiwiri ndi wokhala padoko, yemwe amapuma utsi wa injini zomwe zimalirabe sitima ili chiimire. Lamulo lotsitsa sulufule m'mafuta a sitima kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 peresenti linayamba mu 2020, ndipo anthu a ku Venice anachita zionetsero kwa zaka zambiri boma la Italy lisanaletse sitima zikuluzikulu kudutsa pakati pa mzinda wawo mu Ogasiti 2021. Walira mvula walira matope, koma pankhaniyi wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi wina.

Mwina wina afunsa kuti ife a dziko lopanda nyanja yamchere zikutikhudza pati. Mbiri ya nyanja yathu ili ndi nkhope yomweyo. Vipya inali sitima yatsopano pomwe inamira pa 30 Julaye 1946 chakumpoto kwa nyanja ya Malawi, mphepo ya mwera itakula, ndipo anthu pafupifupi 145 anafa. Ilala, yomangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyenda mu 1951 pambuyo pa tsokalo. Mpaka lero imanyamula mitundu iwiri ya apaulendo: mlendo wokaona malo yemwe amakhala pamwamba akujambula dzuwa likulowa, ndi mayi wa ku Likoma kapena Chizumulu yemwe ali pansi ndi matumba a ufa ndi usipa, poti kwa iye sitimayo ndiyo msewu. Tsiku lomwe tidzakambirane za yolowa m'malo mwa Ilala, funso lidzakhala lija la Oceanic ya mu 1871: pakati pa sitima pakhala ndani, ndipo wafunsidwa ndani?

Sindikunyoza khonde. Munthu amene wasunga ndalama zaka zambiri kuti akaone nyanja ali ndi ufulu wofuna kuiona ali pabedi pake. Koma khonde silifunika womenyera nkhondo. Makampani adzalimanga ngakhale wina asapemphe, poti limagulitsa tikiti. Ine atandipatsa fomu ija, mzere wa zosangalatsa ndingausiye wopanda kanthu. Ndingafunse kuti anthu pafupifupi 10,000, ena okalamba, ena oyenda pa njinga za olumala, angatuluke m'mphindi zingati magetsi atazima sitima itapendekeka. Ndingafunse ngati sitimayo izidzazimitsa injini padoko n'kulumikiza magetsi akumtunda. Ndingafunse kuti woyala bedi langa amagona maola angati ndipo chipinda chake chili ndi mpweya wotani. Mbiri yonseyi yasonyeza kuti makampani amamva msanga wolipira akalankhula. Chatsala n'chakuti wolipirayo ayambe kufunsa za pansi pa sitima, nyanja isanamufunsire.