Hakeem Olajuwon: Katswiri wa Basketball Amene Sanasiye Kusala

Hakeem Abdul Olajuwon ndi Msilamu wobadwira ku Nigeria amene anasewera basketball kwa zaka 18 mu ligi ya NBA ya ku America, ligi yaikulu kuposa zonse pamasewerawa. Anatenga chikho cha ligiyi kawiri ndi timu ya Houston Rockets, mu 1994 ndi 1995. Asilamu timamukumbukiranso chifukwa ankasala mwezi wa Ramadhan ligi ili mkati, ndipo zaka zimene anafika pachimake ndi zomwezo zimene anagwira dini mwamphamvu.

Masewerawa mwachidule

Basketball imafananako ndi netball. Timu iliyonse imalowetsa osewera 5, ndipo cholinga ndi kuponya mpira mumkombero umene uli pamwamba mamita 3.05. Kusiyana kwake n'koti wosewera amaloledwa kuyenda ndi mpira akuunjanjitsa pansi. Masewero a NBA amatenga mphindi 48, zogawidwa m'zigawo 4. Olajuwon, yemwe m'mabuku a ligi analembedwa kuti ndi wamtali mamita 2.13, ankasewera pafupi ndi mkombero, kumwetsa mbali ina ndi kutchinga mbali inayo.

Ubwana wake ku Lagos

Anabadwa pa 21 January 1963 mumzinda wa Lagos, m'banja la Chisilamu la mtundu wa Ayoruba. Makolo ake, a Salim ndi a Abike, ankachita bizinesi ya simenti. Ali mwana ankasewera mpira wamiyendo ngati goloboyi, komanso masewera a handball. Basketball anaiyamba mochedwa, ali ndi zaka pafupifupi 15, pamene anzake ambiri amene anadzapikisana nawo anaiyamba ali aang'ono. Koma ugoloboyi unamusiyira miyendo yopepuka ndi maso odziwa kumene mpira ukupita, ndipo zimenezi zinamuthandiza moyo wake wonse wamasewera.

Mu 1980 anapita ku America kukaphunzira pa University of Houston, kumene mphunzitsi wa timu anali Guy Lewis. Poyamba ankavutika, ndipo chaka choyamba sanasewere mpikisano uliwonse. Nthawi yatchuthi ankakachita zokonzekera ndi Moses Malone, katswiri wa NBA wa nthawi imeneyo, ndipo kulimbana ndi munthu wamphamvu chotero kunamukhwimitsa. Timu ya sukuluyi inafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa mayunivesite a dziko lonse mu 1983 ndi 1984, koma inagonja maulendo onse awiri.

Zaka zoyamba mu NBA

Chaka chilichonse matimu a NBA amasankha osewera atsopano motsatana. Mu 1984 Houston Rockets ndiyo inali yoyamba kusankha, ndipo inatenga Olajuwon. Michael Jordan anatengedwa pa nambala 3 chaka chomwecho. Mu 1986 Olajuwon ndi mnzake wamtali Ralph Sampson anafikitsa timuyi mu ndime yomaliza, koma Boston Celtics inawagonjetsa masewero 4 kwa 2.

Luso linalipo, koma mtima unali wapachala. Ankakangana ndi oyimbira ndiponso kumenyana ndi osewera anzake. Chaka chomwecho cha 1986, pamasewero ofunika kwambiri olimbana ndi Los Angeles Lakers, anatulutsidwa m'bwalo atamenyana ndi Mitch Kupchak. Zaka zotsatira timu inkalephera kupita patali, ndipo ena anayamba kumunena kuti amasewera zayekha.

Kubwerera ku dini

Ngakhale anakulira m'banja la Chisilamu, atafika ku America anatayirira pa zachipembedzo, monga zimachitikira achinyamata ambiri akakhala kutali ndi kwawo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayambanso kupita kumzikiti ku Houston, kusunga Swala ndi kuphunzira Qur'an. Mu March 1991 anakonza kalembedwe ka dzina lake: kuyambira pamene anafika ku America ankalembedwa kuti Akeem, ndipo analibwezera kukhala Hakeem, dzina la Chiarabu lotanthauza wanzeru.

Kusinthaku kunaonekera m'bwalo. Ndewu zinachepa, ndipo Rudy Tomjanovich atakhala mphunzitsi wa timu mu 1992, Olajuwon anayamba kukhulupirira anzake ndi kuwapatsira mpira adani akamuunjirira.

Zikho ziwiri

Mu 1994 Rockets inakumana ndi New York Knicks mu ndime yomaliza, imene wopambana amafunika kugonjetsa mnzake masewero 4. Knicks inali itapambana kale 3, ndipo pamasewero a nambala 6, patatsala masekondi ochepa, John Starks anaponya mpira umene ukanawapatsa chikho. Olajuwon anadumpha n'kuukhudza ndi zala, mpirawo sunalowe. Rockets inapambana 86 kwa 84, kenako inapambananso masewero omaliza n'kutenga chikho chake choyamba. Chaka chimenecho iye analandira mphoto zitatu: ya wosewera bwino mu ligi yonse, ya wotchinga bwino, ndi ya wosewera bwino mu ndime yomaliza. Palibe amene anali atachitapo zimenezi m'chaka chimodzi.

Mu 1995 timuyi inamaliza ligi pa nambala 6 m'chigawo chake, ndipo ambiri sankaiwerengera. Mothandizana ndi Clyde Drexler, mnzake wa ku yunivesite, Olajuwon anaitsogolera kugonjetsa Utah, Phoenix ndi San Antonio, kenako anapambana masewero onse 4 polimbana ndi Orlando Magic ya Shaquille O'Neal. Kaseweredwe kake kotchuka, kotchedwa Dream Shake, kanali konamizira kupita uku, n'kutembenukira kwina mdani atadumpha kale.

Ramadhan m'bwalo

M'zaka zimenezo Ramadhan inkagwa ligi ili pakati. Masewero ambiri a NBA amachitika usiku, choncho nthawi zambiri ankalowa m'bwalo atangomasula kumene. Koma masewero ena amachitika masana, ndipo amenewo ankasewera osamwa ngakhale dontho la madzi. Mu 1995 Ramadhan inayamba kumayambiriro kwa February, ndipo mwezi womwewo ligi inamusankha kukhala wosewera bwino wa mweziwo.

Tiyenera kunena zoona zonse. February ku America ndi nyengo yozizira, masana ndi aafupi, ndipo iye anali ndi madokotala a timu omuyang'anira. Mnyamata wothamangitsa mpira pamchenga wa kunyanja dzuwa likuswa mtengo ali pa mayeso ena. Chimene tikutolapo n'choti Olajuwon sanabise kusala kwake kapena kuchita nako manyazi pakati pa anthu osadziwa Chisilamu. Anakonza kadyedwe ndi kapumidwe kake kuti zigwirizane ndi Ramadhan, osati kukankhira Ramadhan pambali chifukwa cha mpira.

Chuma chake

Chikhulupiriro chake chinafika mpaka m'thumba. Pamene akatswiri ena ankatsatsa nsapato zodula madola oposa 100, iye anagwirizana ndi kampani ya Spalding kupanga nsapato za madola pafupifupi 35, poganizira mayi wosauka wa ana angapo amene onse akufuna nsapato. Pabizinesi yake yogula malo ndi nyumba ku Houston amadziwika kuti amalipira ndalama zake zokha, osatenga ngongole yachiwongoladzanja, popewa riba. Mu 1994 anagula nyumba yakale ya banki pakati pa mzindawo n'kuisandutsa mzikiti ndi malo ophunzirirapo, Islamic Da'wah Center, imene inatsegulidwa mu 2002.

Atapuma

Analandira unzika wa America mu 1993, ndipo mu 1996 anapata mendulo yagolide ndi timu ya dzikolo pa masewera a Olympics ku Atlanta. Chaka chake chomaliza anasewerera Toronto Raptors, n'kupuma mu 2002. Anamwetsa mapointi 26,946, ndipo anatchinga mipira yopita kumkombero maulendo 3,830, chiwerengero chimene palibe wachifika chiyambire ligi kuwerenga zimenezi.

Atapuma anasamukira ku Jordan ndi banja lake kukazamitsa maphunziro a Chiarabu ndi Chisilamu. Akatswiri monga Kobe Bryant ndi LeBron James anapita kwa iye kukaphunzira kaponda ka mapazi. Mu 2008 anaikidwa m'gulu la osewera olemekezeka la Hall of Fame, ndipo Rockets inamuikira chikumbutso panja pa bwalo lake. Polemekeza chikhulupiriro chake, chikumbutsocho si fano la munthu koma jezi yake ya nambala 34. Kuyambira mu 2022, mphoto ya wotchinga bwino mu NBA imatchedwa dzina lake.

Phunziro kwa mabanja athu

Makolo ambirife timaopa kuti mpira ulanda mwana ku madrasa, ndipo mantha amenewa ali ndi chifukwa chake. Nayenso Olajuwon anasochera kwa zaka zingapo kutchuka kutabwera. Koma chimene anadzalidwa nacho kwawo ku Lagos ndicho anabwererako atakula. Mwana amene Allah wamupatsa luso la masewera tisamuletse, koma timuphunzitse kuyambira ali wamng'ono kuti Swala ili ndi nthawi yake, mkwiyo umamangidwa, ndipo ndalama ili ndi njira zake za halal. Akadzapita kutali ndi ife, zimenezo ndi zimene adzanyamule. Tikupempha Allah atisungire ana athu pa njira yoongoka. Ameen.