Kogawa moto: mbiri ya distributor m'chigwa cha Domasi

Pamene Alexander Hetherwick ankakhazikitsa mishoni ya Church of Scotland ku Domasi mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia, katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo mzungu akatopa ankagonekedwa pamachila. Galimoto kunalibe, ngakhale kwawo komweko. Ya matayala atatu ya Karl Benz inadzaoneka mu 1886. Ndipo itaoneka, chimene chinasautsa amisiri kwa zaka zambiri sichinali matayala kapena mafuta ayi, koma moto: petulo ali m'kati mwa silinda, wapanikizidwa ndi pisitoni, umuyatsa bwanji pa nthawi yake yeniyeni, kambirimbiri pa mphindi imodzi?

Kampani ya Robert Bosch ku Stuttgart inayankha mu 1902 ndi magneto, yomwe inkadzipangira yokha magetsi amphamvu. Yankho lina linachokera ku Dayton, ku America, kwa Charles Kettering ndi kampani yake ya Delco. Njira yake inayamba kuikidwa m'galimoto za Cadillac mu 1910: batire, koyilo, mapointi, kondensa, ndi distributor yogawira moto ku mapulagi. Njira imeneyi ndiyo inalamulira injini za petulo kwa zaka zoposa 60, ndipo ndi yomwe inadzafika nafe kuno.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Magetsi a batire, mavoti 12 okha, amalowa m'koyilo kudzera pa mapointi, tizitsulo tiwiri tokhudzana. Shafuti ya distributor imazungulira kamodzi injini ikazungulira kawiri, ndipo ili ndi timapewa tokankha mapointiwo kuti atseguke. Akangotseguka, magetsi amaduka mwadzidzidzi, koyilo n'kulavula mavoti masauzande ambiri. Moto umenewu umatsikira pakati pa chipewa cha distributor, rota n'kuuloza ku waya wa pulagi yoyenera. Pa injini zambiri za masilinda anayi dongosolo lake ndi 1-3-4-2. Kondensa ntchito yake ndi kumeza moto woti usanyambite mapointi. Pansi pake pali tizitsulo tolemera tiwiri ta masipuling'i, tomwe timatambasuka injini ikathamanga kuti moto ufulumire. Basi, n'zomwezo. Kachinthu kokwana m'dzanja, koma kakanyanyala, lole yonse imagona pamsewu.

Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, choncho msewu wopita ku Liwonde wodutsa pa Songani ndi Domasi unaona galimoto za boma msanga kuposa madera ambiri. Sukulu ya Jeanes itatsegulidwa ku Domasi mu 1929, ya maofesala a maphunziro inakhala njira yomweyi. Koma galimoto imene inadzalowa m'mitima ya anthu ndi Land Rover, yomwe inatuluka mu 1948. Apolisi, alangizi a zaulimi, a zankhalango, amishoni, onse inali yomweyo, ndipo boma litakhazikitsa PVHO yoyang'anira galimoto zake, amakaniko ambiri anaphunzirira ntchito pa injini yake ya malita 2.25. Distributor yake kawirikawiri inali ya Lucas ya ku Birmingham, kampani imene Angerezi eni ake ankaiseka kuti ndi kalonga wa mdima. Ine ndimati ankaiwonjeza. Zambiri zimene ankainamizira Lucas zinali mawaya owola ndi manja aulesi. Kenaka kunabwera Peugeot 404 ndi 504, zambiri zokhala ndi Ducellier ya ku France, ndi tima Datsun ta Hitachi. Zimenezi ndi zomwe zinasanduka matola, kunyamula mpunga ndi matemba a ku Chilwa, anthu atakhala pamwamba pa matumba.

Chigwa chathuchi chili ndi adani awiri a distributor. Woyamba ndi fumbi la chilimwe. Limalowa m'kati, n'kusakanikirana ndi girizi, n'kumadya kachidendene ka mapointi kamene kamakhuzana ndi shafuti. Kakadyeka, mpata wa mapointi umachepa, moto umachedwa, galimoto imafooka pachitunda ndipo injini imatentha. Mwini wake amathamangira kumasula kabureta, osadziwa kuti akukanda pomwe sipakuyabwa. Wachiwiri ndi chinyezi. Nkhungu ikatsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa, kapena chiperoni chikagwa mu June, madzi amaundana m'kati mwa chipewa. Chikakhala ndi kamng'alu ngakhale kochepa ngati tsitsi, moto umasiya njira yake n'kutsata mng'aluwo, ndipo umasiya kamzere kakuda ngati kolembedwa ndi pensulo. Galimoto yotere dzuwa likawala imalira bwinobwino, koma m'mawa kwachisanu mukankha mpaka miyendo kuwawa.

Makaniko wakale sankayamba ndi sipanala. Ankayamba ndi mafunso. Yazima bwanji, bwana? Yachita kutsokomola kaye, kapena yangoti zii ngati munthu watembenuza kiyi? Kutsokomola kumaloza ku mafuta, kuzima kwadzidzidzi kumaloza ku moto. Ikazizira imalira, ikatentha n'kuzimanso? Pamenepo akukayikira kondensa kapena koyilo. Atatero ankazula waya wapakati pa chipewa, n'kuugwira ndi nsanza youma pafupi ndi chitsulo cha injini, wina akuliza sitata. Moto wobiriwira wolira kuti thethethe ndiye kuti koyilo ndi mapointi ali bwino, vuto lili kutsogolo: rota, chipewa kapena mawaya. Moto wofiira wofooka, kapena kusowa kumene, ndiye kuti abwerere m'mbuyo. Ankatsegula mapointi ndi chala n'kuwayang'ana nkhope. Akapsa n'kuchita mabowo msanga atangowasintha, mlandu ndi wa kondensa. Kenaka ankagwira shafuti n'kuigwedeza. Ikamasewera uku ndi uku, mabushi atha, ndipo mpata sudzakhazikika ngakhale mutautchera kakhumi. Rota ankaipotoza pang'ono n'kuisiya: ikabwerera yokha, tizitsulo tapansi tili moyo, ikakakamira ndiye kuti tachita dzimbiri. Pali kawaya kena kofewa m'kati momwemo kamene kamaduka mobisala m'chikopa chake, kunja kukuoneka kabwinobwino. Kameneko kagonetsa anthu ambiri panjira.

Mpata wa mapointi pa Land Rover ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Wopanda choyezera ankagwiritsa ntchito kakatoni ka paketi ya ndudu, ndipo sikankaphonya kwenikweni. Mpata ukatheka ndi pomwe ankatchera taimingi, osati kuyamba ndi taimingi ayi, chifukwa kusuntha mpata kumasunthanso nthawi ya moto. Ankazungulitsa injini ndi dzanja mpaka chizindikiro chake chilunjike, n'kumangirira kababu pa waya wa mapointi, n'kumapotoza distributor pang'onopang'ono mpaka kababuko kayake. Kumaliza kwake kunali kwa khutu, pachitunda: injini ikamalira ngati muli timiyala m'chitini, moto wafulumira kwambiri, abweze pang'ono.

Luso limeneli linakhwima chifukwa cha mavuto. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu n'kumazungulira njira zazitali zodula. Masipeya anasowa, opezekawo mtengo wake unali wosayamba. Mapointi amene ku Ulaya ankatayidwa, kuno ankapalidwa ndi kafayilo mpaka kuwala, n'kubwezeredwa. Kondensa ya galimoto ya mtundu wina inkamangidwa kunja kwa distributor, bola yagwira. Mng'alu wa m'chipewa ankaupala n'kuupaka polishi wa zikhadabo, kuti galimoto ikangofika kaye ku Zomba. Buku la fakitale silinanene zimenezi, komabe odwala ankafika kuchipatala ndipo mpunga unkafika pamsika.

Kunja zinthu zinali zitasintha kale. Kuyambira m'ma 1970 mafakitale anayamba kuchotsa mapointi n'kuikamo zamagetsi zosakhuzana. Ife tinadzaziona bwino pambuyo pa 1994, galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan zitayamba kusefukira kudzera ku Durban ndi Dar es Salaam. Ma Corolla oyamba aja anali adakali ndi distributor, koma yopanda mapointi, koyilo ili m'kati mwake. Sienta ndi Probox zimene zadzaza pa Songani lero zilibe n'komwe: pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake, nthawi ya moto ikulamulidwa ndi kompyuta. N'zoona, sizivuta m'mawa. Koma ikazima ya lero, mufunika munthu wa makina owerengera, ndi ndalama yogulira chatsopano, chifukwa palibe chopala.

Land Rover za Series III, zomwe zinaleka kupangidwa mu 1985, zilipobe apo ndi apo, pamodzi ndi tima Nissan 1400 tomwe South Africa inapanga mpaka 2008. Eni ake ena akuikamo kachipangizo kamagetsi m'malo mwa mapointi, ndipo sindingawadzudzule, popeza makondensa ambiri ogulitsidwa masiku ano amafa asanathe n'chaka chomwe. Wochita zimenezo asataye mapointi akalewo. Awakulunge m'kapepala pamodzi ndi kondensa yabwino ndi kasikuludiraiva, n'kuwaika pansi pa mpando.