Kapenta wa ku Siavonga anabwera pa ndege

Ku Kanakantapa kulibe nyanja. Ndi dera la alimi a chimanga, tomato ndi masamba, lomwe boma linatsegula mu 1988 kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni akagwire khasu. Koma ndiwo yopulumutsa mabanja mwezi ukafika pakati ndi kapenta, ndipo mayi wogula pa msika wa Chongwe sayamba watulutsa ndalama asanafunse kuti, "Ndi wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga?" Amatapako pang'ono, kununkhiza, n'kufikisa m'zala kuti amve ngati muli mchenga.

Funso limenelo agogo athu sakanalimva. Ku Siavonga kunalibe kapenta mpang'ono pomwe.

Khoma la Kariba litatsekedwa mu December 1958, madzi a Zambezi anasefukira n'kumiza midzi ya Atonga oposa 50,000. Nyanja ya Kariba, yomwe Siavonga ili m'mbali mwake, inabadwa yaikulu, koma nsomba zake zinali za mumtsinje, zokonda m'mbali mosaya. Pakati ponse panali pululu, tizilombo ta m'madzi tikungoswana popanda wotidya. Akatswiri a Dipatimenti ya Nsomba, amene likulu lawo la kafukufuku linali ku Chilanga, anaona kuti chakudya chikuwonongeka chabe. Maso awo anagwera pa kansomba ka m'nyanja ya Tanganyika kotchedwa Limnothrissa miodon.

Vuto linali kukanyamula. Kapenta sachedwa kufa: akangopalika mamba, basi zake zada. Choncho sanatenge wamkulu. Anatunga tiana ting'onoting'ono pamodzi ndi madzi ake kufupi ndi Mpulungu, n'kutikweza ndege mpaka ku Sinazongwe, m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Ntchitoyi, imene dzina la katswiri wa nsomba Graham Bell-Cross silisowapo ikamakambidwa, inachitika mu 1967 ndi 1968, ndipo tiana pafupifupi 360,000 ndi timene tinatsanulidwa m'nyanjamo. Pofika 1969 ofufuza anayamba kupeza kapenta m'mimba mwa mcheni, umboni woti waswana. Kapentayo anadutsanso pa khomalo n'kutsetsereka ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete, popanda womupititsa.

Chowawa n'chakuti oyamba kudyerera anali a tsidya lija, ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero), amene anayamba usodzi wamalonda cha m'ma 1973. Zambia, mwini nzeru, inalowamo mochedwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Usodzi wake ndi wa usiku: bwato la migolo iwiri yachitsulo, ukonde wozungulira womizidwa pansi, ndi magetsi owala okopa nsomba. M'mawa kapenta amathiridwa mchere n'kuyanikidwa pa thandala.

Apa m'pamene ndimawamvera chisoni asayansi a boma. Kubzala nsomba anatha, koma kuletsa dyera kwawakanika. Atawerengera, anati nyanja yonse ingapirire mabwato 500 okha, ndipo mu 1999 mayiko awiriwa anagwirizana kuti Zimbabwe ikhale ndi 275, Zambia 225. Mbali ya Zambia yokha inadzapitirira 500 yonseyo, ena akusodza ngakhale m'malo osaya momwe kapenta amaswanirana. Zokolola za bwato lililonse zatsika kwambiri poyerekeza ndi za m'ma 1990, n'chifukwa chake wogulitsa ku Chongwe masiku ano amapima ndi kachitini kakang'ono, ndipo mbasela sapereka.