Shuga wa mannose posankha maselo a mbewu

Akatswiri akalowetsa jini yatsopano m'maselo a chomera, ndi maselo ochepa okha amene amailandira, ndipo maso sangawasiyanitse ndi anzawo. Njira yodziwika ndi kuphatikizapo jini yopirira mankhwala a kanamycin, kenako n'kupha otsalawo ndi mankhwalawo. Ena akhala akuopa kuti kupirirako kungafalikire kwa tizilombo toyambitsa matenda.

Njira ina imadalira njala. Pamodzi ndi jini yofunikayo amalowetsa jini ya PMI, yochokera kwa bakiteriya wa E. coli, n'kudyetsa maselowo shuga wa mannose. Olandira jiniyo amatha kugaya shugayu n'kukula, pamene enawo amapinimbira. Kampani ya Syngenta inasankha motere mpunga wa Golden Rice 2 wa mu 2005 ndiponso chimanga cha MIR162, cholimbana ndi mbozi za fall armyworm.